Kompyuta Yovala Malata

Kumunsi kwa msika wa Ndirande, kumene okhoma zidebe amasokosa kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka, kunali mmisiri wina dzina lake Venansio Namakhwa. Anali bambo wamfupi, wa mapewa otambalala, ndipo ankayankhula mokuwa ngakhale mutakhala nawo pa benchi imodzi, chifukwa phokoso la hamala linali litawadya khutu lakumanzere. Osawadziwa ankayesa akukalipa. Owadziwa ankangoti, "Ndi mmene alili a Namakhwa, kumtima kulibe kanthu."

Makolo awo anachokera ku Mozambiki wapansi, mitolo ili pamutu, n'kudzakhazikika pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Venansio anabadwira komweko, koma zothyola tiyi sizinamulowe m'magazi. Atangoyamba kumera tindevu anakwera lole ya nkhuni n'kudzatsikira mu Blantyre, kumene anagwa m'manja mwa Che Abbas, Myao wokhoma zidebe amene sankadziwa kuyamikira munthu. Che Abbas anamuphunzitsa lamulo limodzi limene sanalitaye moyo wake wonse. Ukamaliza ndowa, uithire madzi mpaka m'milomo, uikhazike pa pepala louma la thumba la simenti, iwe upite ukachite zina. Pobwerera uinyamule. Pepala likanyowa ngakhale kadontho kamodzi, ndowayo si yopatsa munthu, iphwasule. Kwa zaka makumi anayi a Namakhwa ankachita zomwezo, ndipo amayi a ku Goliyo ndi ku Makata ankadziwa kuti ndowa ya a Namakhwa imatha ndi ukalamba, osati ndi kudontha. Kwa iwo chibowo chinali mdani, ndiponso chinthu chochititsa manyazi.

Tinene zoona, bamboyu anali ndi maganizo pa chilichonse chopangidwa ndi manja, ndipo sankadikira kufunsidwa. Ankati katundu aliyense wofuna kukhala ku Ndirande ayenera kukhala ndi zinthu zitatu. Miyendo, poti madzi a mvula kuno sagogoda polowa m'nyumba. Chogwirira, poti munthu wa lendi sadziwa tsiku limene asamuke. Chachitatu chinali poika loko, ndipo apa sankafotokoza n'komwe, ankangokuyang'anani. Wayilesi anaipeza ndi mlandu, mbaula za anzawo anazipeza ndi mlandu, ngakhale kabati ya kutchalitchi yosungiramo zovala za ansembe sinapulumuke. Chimene ankachivomereza ndi bokosi la maliro lokha, chifukwa zogwirira lili nazo ndipo palibe amene amafuna kuba zam'katimo.

Akazi awo, mayi Eliness, anamwalira chaka cha chilala chija cha 1992. Mwana wawo woyamba, Hawkins, anali dalaivala wa bungwe lina ku Lilongwe. Pakhomo anatsala ndi chitsirizira, Petronela, amene ankagwira ntchito yotayipa pa kampani ina yaing'ono ku Makata. Kampaniyo inatsekedwa mu 1996, ndipo bwana wake ponyamuka anamusiyira kompyuta ya mu ofesi, poona kuti ndi iye yekha amene ankaidziwa mtima wake.

Petronela sanakhale manja lende. Anapeza kangodya mu shopu ya Ramsey, bambo wina wokonza mawayilesi pa Chinseu, pomwe panali magetsi, n'kuyamba kutayipira anthu. Inali nthawi ya matipate, pamene pakamwa pa aliyense panali patatseguka ndipo aliyense anali ndi choti chilembedwe. Wina akufuna malamulo a bungwe limene waliyambitsa dzulo, wina kalata yofunsira ntchito, wina ndondomeko ya ukwati, winanso wapatuka ku mpingo ndipo akufuna dzina la mpingo wake lioneke pa pepala. Sikirini ndi makina osindikizira ankazitsekera m'kabati ya Ramsey. Koma bokosi lenilenilo, mmene munkakhala zolemba zonse za anthu, Ramsey anakana kulisunga, ati akuba a masiku amenewo ankalowera kudenga. Choncho m'mawa uliwonse Petronela ankalikulunga m'chitenje n'kulisenza pamutu, madzulo n'kubwera nalo.

Tsiku loyamba kulibweretsa kunyumba, a Namakhwa analizungulira kawiri, manja ali kumbuyo. Linali kabokosi kaphwatalala, kotuwa, kosaposa thireyi ya mazira kukula kwake. Analigogoda ndi chala, n'kupukusa mutu.

"Anapanga ichi sanapondepo ku Ndirande," anatero. "Miyendo palibe. Chogwirira palibe. Nanga tizibowo tonseti kumbuyoku ndi m'mbalimu n'tachiyani? Munthu wolipidwa bwinobwino n'kusiya ntchito ili chonchi?"

"Ababa, iyi si ndowa," anayankha Petronela akuseka. "Anapanga ndi anthu ophunzira."

"Ophunzira omwewo sanasenzepo kanthu pamutu. Akanakhala kuti anasenzapo, bwenzi ataika chogwirira."

Ankalinyoza choncho tsiku ndi tsiku, koma m'mtima ankaliopera bokosi limeneli kuposa mmene ankaopera khutu lawo lotsalalo. Chifukwa chake chinali chakuti Hawkins sankatopa kulemba makalata. Ankati mlongo wake akutaya nthawi pa Chinseu, ku Lilongwe maofesi akungophuka ngati bowa ndipo odziwa kompyuta akusowa, abwere adzakhale naye. Petronela ankawerenga kalata, n'kuipinda, n'kunena kuti, "Ntchito ndili nayo konkuno." A Namakhwa ankadziwa bwino lomwe kuti chimene chikumusunga mwana wawo pakhomo ndi kabokosi kopanda miyendoko. Ankaopa kutsala okha. Ankaopa kubwera kuchokera kumsika n'kupeza chitseko chili chotseka, wopanda wowauza nkhani za mbusa amene wasintha dzina la mpingo wake katatu pa sabata imodzi.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wina mu February 1997, mvula itagwa masiku atatu osalekeza, Petronela anaterereka pa kamlatho ka matabwa ka pa mtsinje wa Nasolo. Iye anangosupuka bondo, koma bokosi linakamenya pa mwala. Mbali imodzi inapindikira m'kati, kumaso kunasweka, chivundikiro chinakana kukhalanso m'malo mwake.

Ramsey analitsegula masana omwewo, a Namakhwa ataimirira pambali, atasiya ndowa ili theka. M'katimo munali fumbi lochindikala ngati bulangete, ndipo mphemvu ziwiri zonenepa zinatuluka n'kuthawira pansi pa mawayilesi.

"Mwaona?" anakuwa a Namakhwa. "Ndinanena ine! Tizibowo tija ndi makomo a mphemvu!"

"Zam'katizi zikuoneka kuti zili moyo," anatero Ramsey, osawamvera. "Chawonongeka ndi chikopa chokha. Koma momwe chapindikiramu, chikukhudza mawaya. Sitingayatse chonchi."

Petronela anayenda mashopu onse a m'tauni ndi ku Limbe. Kulikonse anamuuza zofanana: mtundu waung'onowu kulibe, mpaka auitanitse ku Joni, mwina miyezi itatu, mwina inayi. Anabwera madzulo mapazi atatupa, n'kukhala pakhonde osavula n'komwe nsapato.

"Makasitomala sangandidikire miyezi inayi, ababa," anatero. "Ikafika Pasaka zinthu zili chonchi, ndingopita kwa achimwene."

A Namakhwa anamva mawu amenewa ndi khutu lakufa lomwe. Kenako anati, "Ndipanga ine."

"Mupanga chiyani?"

"Chikopacho. Si lata basi?"

Petronela anakana. Anati chinthu cha magetsi si choseweretsa, ndipo anthu akamuseka. Koma m'mawa mwake Ramsey anakanda m'mutu n'kunena kuti zikhoza kutheka, bola miyezo ikhale yeniyeni. Anatenga katoni n'kujambulapo malo onse ofunika kuboola: potulukira mawaya, polowetsa disiketi, pa batani loyatsira, ndiponso mizere ya tizibowo kumbuyo ndi m'mbali monga zinalili pa bokosi lakale. "Mutsate chonchi, madala, osasintha kanthu," anatero. A Namakhwa anagwedeza mutu, ndipo aliyense wowadziwa akanaona kuti kugwedeza kumeneko si kuvomera.

Sabata imeneyo amayi obwera ndi ndowa zothothoka matako anabwerera nazo. A Namakhwa anagula lata latsopano lonyezimira, osati zidutswa za migolo zimene ankapangira mbaula. Anzawo a pamzere wa okhoma zidebe sanawasiye. "A Namakhwa alowa za makompyuta! Mawa tiwaona atavala tayi!" Iwo sanatukule mutu. Anapinda ngodya iliyonse pa chitsulo chawo cha njanji mosamala ngati akupinda malaya a ukwati. Anaika timiyendo tinayi ta zala zitatu kutalika kwake, n'kutiveka timphira ta tayala. Pamwamba anaika chogwirira cholimba, kutsogolo poika loko.

Atafika pa tizibowo anaima. Anayang'ana katoni ya Ramsey nthawi yaitali. Potulukira waya anamvetsa, pamadutsa waya. Polowetsa disiketi anamvetsa. Koma mizere inayi yonseyi, yoti sipadutsa kanthu? Anakumbukira fumbi lija ndi mphemvu zonenepa zija, ndipo anaona kuti apa ndi pamene azungu analephera ndipo iwo akonza. Mwana wawo sadzasenzanso mphemvu pamutu. Pa mizereyo sanaboole ngakhale kamodzi. M'malo mwake anawotcherera msoko uliwonse ndi mtovu, ndipo atamaliza anatembenuza chivundikirocho chagada, n'kuthiramo madzi mpaka kulekezera potulukira mawaya, n'kuchikhazika pa pepala la simenti. Pepala linakhala louma gwa.

Lachisanu Ramsey anamangirira zam'kati zonse pa thako la bokosi latsopanolo. Loweruka uthenga wa maliro unamupeza, ndipo anapita kwawo ku Chiradzulu asanaone chivundikiro. Lolemba m'mawa a Namakhwa anavundikira okha, n'kulinyamula pa chogwirira mpaka pa Chinseu, Petronela akutsatira pambuyo wopanda kanthu pamutu.

Anthu anadzaza pakhomo pa shopu kudzaona kompyuta yovala malata. Petronela analumikiza mawaya, n'kudina batani. Inalira kamodzi, malemba n'kubwera pa sikirini. Anthu anaombera m'manja.

"Ndiye sikuchitanso phokoso ngati kale," anatero Petronela modabwa.

"Phokosolo linkatulukira m'zibowo," anayankha a Namakhwa, chifuwa chili patsogolo.

Anakhala pa benchi n'kumalandira moni ngati mkwati. Petronela anayamba kutayipa ndondomeko ya ukwati wa mwana wa mayi wina wa ku Malabada, amene anali atadikira kale sabata ziwiri. Ola loyamba linatha bwino. Litayamba lachiwiri, malemba anaima. Petronela anadina uku ndi uku, osasuntha. Kenako sikirini inangoti bii, ndipo m'shopu munamveka kafungo konga ka nsalu imene yaiwalidwa pansi pa simbi. Anagwira pamwamba pa bokosi n'kuchotsa dzanja msangamsanga. Anazula waya kukhoma, n'kutembenuza bokosi kuti aone kumbuyo.

"Ababa, tizibowo tija tili kuti?"

"Sindinaboole. Mphemvu zija..."

Akanakalipa bwenzi zili bwino. Koma Petronela sanakalipe. Anangowayang'ana bambo ake, misozi ili lengelenge m'maso, kenako anapepesa kwa mayi wa ku Malabada uja, n'kutseka kabati, n'kumapita. Anthu aja anabalalika mmodzimmodzi osatsanzika. A Namakhwa anadikira kuti bokosi lizizire, n'kulinyamula kubwerera nalo kunyumba. Chogwirira chinagwira ntchito yake bwino kwambiri njira yonse, ndipo zimenezi zinangowonjezera kuwawa kwa mtima.

Atafika anapeza Petronela watulutsa bokosi lake lachitsulo la kusekondale, walipukuta, waliyanika padzuwa chotsegula kuti lichoke fungo la nkhungu. Analipanga ndi iwo omwe zaka khumi zapitazo, ndipo linali lisanachite dzimbiri ngakhale pamodzi. Linali lokonzeka kupita ku Lilongwe tsiku lililonse. A Namakhwa anaimirira pakhomo n'kumaliyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba anadana ndi kulimba kwa ntchito ya manja awo.

Masiku awiri m'nyumbamo munali zii. Moni ankapatsana, chakudya ankadya, koma nkhani panalibe. Lachitatu Ramsey anabwera kuchokera ku maliro, ndipo a Namakhwa anakamudikirira pakhomo pa shopu asanatsegule n'komwe. Ramsey anachotsa chivundikiro, n'kuchiyang'anitsa padzuwa, osaona kuwala kulikonse kodutsa.

"Aa, madala! Chinthu ichi chimapumatu," anatero. "Mukuona kafani aka? Ntchito yake n'kutulutsa mpweya wotentha, wozizira uzilowa m'mbalimu. Inuyo mwachitseka mphuno ndi pakamwa pomwe."

"Ndiye chafa?"

"Sindikudziwa. Mwina chinangokomoka. Koma sindiyatsa mpaka chipeze popumira."

"Safunsa anadya phula," anatero a Namakhwa motsitsa mawu, ndipo aka kanali koyamba Ramsey kuwamva akuyankhula osakuwa.

Anatenga chivundikiro chija n'kupita nacho kumsika. Anachikhazika pa chipika, n'kuyala katoni ya Ramsey pamwamba pake, n'kusankha msomali wa mainchesi anayi. Dzanja linakana kaye. Munthu amene wakhala zaka makumi anayi akutseka zibowo za anthu ena, lero aboole yekha ntchito yabwino koposa zonse zimene anapangapo! Anzawo a pamzere anaona zimene zikuchitika, ndipo mahamala awo anayamba kuleka imodziimodzi. Palibe amene anaseka. A Namakhwa anamenya msomali woyamba, kenako wachiwiri, n'kumapita mzere ndi mzere osaphonya kadontho kalikonse ka pensulo ya Ramsey. Atamaliza anapala m'mphepete mwa kabowo kalikonse kuti pasakhale chobaya chala.

Koma a Namakhwa ndi a Namakhwa, nkhani ya mphemvu sakanaisiya choncho. Anakhala pansi n'kuganiza, maso ali pa katundu wawo wogulitsa, mpaka anagwera pa masefa a ufa amene anali atapachikidwa pa msomali. Anadula waya wa sefa imodzi yatsopano, n'kuumata kuseri kwa mizere yonse ya tizibowo. Anauzira mpweya mbali ino, dzanja lili mbali inayo, ndipo mpweya unadutsa. Mphemvu yofuna kulowa pamenepo inayenera kuyamba yasanduka ufa.

Madzulo a tsiku limenelo anapeza Petronela akusita zovala zake pakhonde, n'kumaziika m'bokosi lakusekondale lija. Anakhala pa mpando, chipewa chili m'manja.

"Petronela, mwana wanga, ndinalakwa," anatero. "Ramsey anandiuza, ine ndinamva zanga zokha. Ndimafuna ndikupangire chinthu choposa cha azungu chija, kuti usapeze chifukwa chopitira. Sindikufuna upite. Nyumba ino ndekha sindingaithe."

Mawu otere sanawatulukepo m'kamwa chimwalirire mayi Eliness. Petronela anaimika simbi.

"Tiyeni tikaone kaye mawa, ababa," anatero.

M'mawa mwake panalibe gulu la anthu, anali atatu okha. Ramsey anaona sefa ija n'kuseka chamumtima, kenako anavundikira, n'kumanga. Petronela anapukuta manja m'chitenje n'kudina batani. Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Kenako kafani kanayamba kulira, kompyuta inati pii, malemba n'kuyamba kutsika pa sikirini. Ndondomeko ya ukwati ija inalipo, kupatula mayina a operekeza mkwatibwi amene anali asanasungidwe. Ramsey anang'amba kapepala n'kukaika pafupi ndi tizibowo ta kumbuyo, ndipo kanayamba kupepheruka.

"Chikupuma," anatero.

A Namakhwa sanapite kumsika tsiku limenelo. Anakokera benchi pafupi n'kukhala, chikhatho chili pamwamba pa bokosi ngati mayi woyeza kutentha kwa mwana wodwala malungo. Ola linatha, lachiwiri linatha, dzuwa linafika pamutu n'kupendeka, lata lili lofunda pang'ono chabe. Mayi wa ku Malabada anabwera n'kutenga mapepala ake. Kunabwera mphunzitsi wofuna mayeso a ana atayipidwe, kunabweranso mbusa uja ndi dzina lachinayi la mpingo wake. Aliyense ankafunsa za bokosi la miyendo, ndipo Petronela ankayankha osasiya kutayipa, "Anapanga ndi bambo angawa." A Namakhwa ankangoyang'ana kumbali.

Nthawi yoweruka itakwana, Petronela anazimitsa makina, n'kuyamba kuzula mawaya. Za Lilongwe sanatchule, ndipo bambo ake ankaopa kufunsa. Ananyamula sikirini kuti aike m'kabati, koma anaima nayo m'manja n'kuiyang'ana uku ndi uku.

"Iyinso fumbi likuilowa kwambiri," anatero. "Ndipo kabati ya a Ramsey ikudontha mvula ikagwa. Ikufunika nyumba yakeyake. Makina osindikizirawa chimodzimodzi."

A Namakhwa anadzambatuka pa benchi. "Ndiyamba mawa! Pofika Loweruka zonse ziwiri zatha!"

"Ayi, ababa, musathamange. Mupange pang'onopang'ono, muzifunsa a Ramsey pena paliponse. Ngakhale zithe chaka chamawa palibe kanthu. Ine ndili konkuno."

A Namakhwa anapisa dzanja m'thumba la ovolosi, n'kutulutsa tepi yawo yoyezera, n'kuwerama pa sikirini ija. Anayeza m'lifupi mwake katatu konse, chifukwa manambala a pa tepi sankaoneka bwino m'maso mwawo.